Kodi galu wakumudzi angavine ndi mbuye wake?

Yohane wa ku Nchalo: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndaponya kanema pamwambapa, amene muli ndi bandulo tsegulani muone. Mtsikana wachizungu akuvina ndi galu wake pa siteji. Galuyo akuzungulira, kulowa pakati pa miyendo ya mtsikanayo, kubwerera cham'mbuyo, nyimbo ikutha onse n'kuwerama limodzi. Kodi galu wathu wakuno, wa makutu oimirira ndi mchira wopindika uja, angaphunzire zimenezi? Kapena zimafuna agalu odula okhaokha? Ndili ndi Bingo wanga wa miyezi 7, ndi wochenjera kwambiri, ndikufuna ndimuyese.

Bambo a Chisomo a ku Ngabu: Yohane mwana wanga, ntchito ya galu ndi kuuwa usiku. Kuno ku Ngabu akuba ng'ombe sagona, afisi nawonso amazungulira makola a mbuzi. Galu wosewera naye amazolowera anthu, aliyense wolowa pakhomo amamugwedezera mchira. Ukamusandutsa wovina, khola alondera ndani?

Eneless wa ku Birmingham: Moni kwathu konse, kuno kukuzizira koopsa. Yohane, kanema waponyayo ndikumudziwa. Mtsikanayo ndi Ashleigh Butler, galuyo dzina lake anali Pudsey. Anapambana mpikisano wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2012, analandira mapaundi 500,000, mtsikanayo ali ndi zaka 17 zokha. Chimene ndikufuna umve n'choti Pudsey sanali galu wa mtundu umodzi ayi, anali wosakanikirana mitundu itatu. Ndiye za mtundu wodula usade nazo nkhawa.

Masewerawa anayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, ku Canada, ku America ndi kuno ku Britain. Kuno amene anawatchukitsa ndi mayi wina wophunzitsa agalu, Mary Ray. Mumzinda ndikukhalamu mumachitika chionetsero chachikulu cha agalu chotchedwa Crufts, mwezi wa March chaka chilichonse, ku holo zazikulu za zionetsero zotchedwa NEC. Chionetserochi chinayamba mu 1891 ku London. Ndinapitako, ndinaona ndi maso. Kuvinaku amakugawa pawiri. Kuli Heelwork to Music, kumene galu nthawi yambiri amayenda atamamatira kumwendo kwa mbuye wake, kumanzere, kumanja, kutsogolo, cham'mbuyo. Kulinso Freestyle, kumene galu amatha kutalikira, kudumpha, kugudubuzika. Pa mpikisano saloledwa kulowa m'bwalo ndi chakudya m'manja, ndipo galu samuveka zovala, kolala yokha ndi imene amatha kuikongoletsa.

Aphunzitsi Nambewe a ku Bangula: Achemwali Eneless, ndifunse nawo. Galuyo amaimvadi nyimboyo n'kumatsatira kugunda kwake? Ana anga kusukulu akandifunsa ndiziwayankha zoona.

Eneless wa ku Birmingham: Aphunzitsi, nyimbo amaimva, koma amene amatsatira kugunda kwa nyimbo ndi munthuyo. Galu amayang'ana mapewa, manja ndi mapazi a mbuye wake, n'kumamvera mawu amene akumuuza chapansipansi. Mukaonetsetsa kanemayo muona milomo ya mtsikanayo ikugwedezeka. Nyama zimene akatswiri anaziyesa n'kupeza kuti zimatsatiradi kugunda kwa nyimbo ndi monga mbalame ya mtundu wa chinkhwe yotchedwa Snowball, kafukufuku wake anatuluka mu 2009, ndi nyama ina ya m'nyanja yamchere (sea lion) imene anaipatsa dzina loti Ronan ku California, mu 2013. Ophunzitsa agalu amachita kuyamba aona mayendedwe a galu wawo akamathamanga pang'onopang'ono, kenako n'kufunafuna nyimbo yogwirizana ndi mapazi akewo. Woonerera amangoona ngati galu ndiye akutsatira nyimbo.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Tisanafike ku nyimbo, Yohane, Bingo analandira katemera wa chiwewe?

Yohane wa ku Nchalo: Sanalandire alangizi. Katemera atabwera kwathu anali adakali kamwana.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Ndiye poyambira ndi pamenepo. Masewera mukukambawa ndi oika dzanja pakamwa pa galu tsiku ndi tsiku, dovu lake likukukhudza, dzino likhoza kukukanda mwangozi. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. Pita ku ofesi ya zaulimi ya dera lako ukafunse mlangizi wa ziweto, amubaye, akupatse ndi kapepala kake. Umumwetsenso mankhwala a njoka za m'mimba, umuchotse nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Galu amene akudzikanda utitiri sangakuyang'ane kumaso.

Chinanso, pa miyezi 7 mafupa ake sanakhwime. Agalu ambiri mafupa amamaliza kukula pakati pa miyezi 12 ndi 18. Zoimirira ndi miyendo iwiri yakumbuyo ndi zodumpha zija usayambe, umuwononga chiuno ndi msana. Ngakhale atakula, zoyenda ndi miyendo iwirizo zisamachuluke. Galu analengedwa wa miyendo inayi.

Mayi a Tadala a ku Makhanga: Pepani abale, ine nkhaniyi ikundiwawa mumtima. Kuno ku East Bank chibwerere namondwe wa Freddy mu 2023 anthu sitinadzukebe. Minda inakwiririka ndi mchenga. Pali mabanja amene nthawi ya njala amalowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo, kuti ana adye. Ndiye pagulu pano tizikambirana zopatsa galu usipa kuti azungulire? Zimenezo ndi za anthu okhuta.

Adimini: Mayi a Tadala, mawu anu amveka ndipo palibe angawatsutse. Tiyeni tipitirize mwaulemu, aliyense alankhule za kumtima kwake.

Fulaye wa ku Bereu: Mayi, zimene mwanena ndi zoona, njala ya kuno tonse timaidziwa. Ndiloleni ndiyankhe inu ndi Bambo a Chisomo pamodzi, chifukwa ine ndinagwirapo ntchito yaulonda wa agalu ku Blantyre, pa kampani ina, ndipo kuphunzitsa agalu ndinakuphunzira kumeneko.

Za chakudya, sipafunika kugula kanthu kapadera. Galu wa pakhomo amadya kale, kaya nkhoko za mumphika, kaya phala la gaga, kaya mitu ya nsomba. Chimene chimasintha ndi kaperekedwe. M'malo momutayira zonse pansi kamodzi, mumapatula pang'ono, kuduladula tizidutswa ngati nsonga ya chala, n'kumamupatsa kamodzikamodzi akachita chimene mukufuna. Chakudya chake n'chomwecho, koma wachigwirira ntchito. Usipa umodzi mukhoza kuudula panayi. Mlamba wokha samalani, minga yake ija imabaya pakhosi.

Bambo a Chisomo, agalu amene tinkalondera nawo mafakitale usiku ndi omwewo tinkasewera nawo mpira masana. Galu amasiyanitsa wa pakhomo ndi mlendo. Kusewera ndi mbuye wake sikumuchotsa ukali pa wakuba. Galu woopsa kwenikweni ndi amene amaopa aliyense, chifukwa ameneyo amaluma mwana wa mnansi wobwera kudzapala moto, wakuba akabwera ndi chibonga iye n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Pa ntchito paja panali anzathu ena okonda kumenya agalu ndi unyolo. Agalu awo ankamvera akakhala pafupi, koma ukawamasula sankabwera ukawaitana.

Bambo a Chisomo a ku Ngabu: Achimwene Fulaye, agalu a ku kampani ndi ena. Aja ndi ma German Shepherd odya zogula m'sitolo. Wathuyu kuti akhale waukali timamumanga masana osaona anthu, ena amamusakanizira chamba kapena mavu m'chakudya.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Bambo, chonde zachamba ndi mavuzo zilekeni. Chamba chimamuledzeretsa galu, amayenda dzandidzandi, amadzikodzera, nthawi zina amakomoka. Sichimupatsa ukali uliwonse. Mavu amamutupitsa pakamwa basi. Ndipo kumanga galu pa dzuwa la ku Ngabu tsiku lonse popanda madzi ndi kumupha pang'onopang'ono.

Agogo a ku Tengani, wolemba ndi mdzukulu wawo: Agogo ndawawerengera zonse, akuti ndilembe motere. Ana inu mukuyesa kuphunzitsa galu ndi nzeru yobwera ndi azungu. Ife tili anyamata tinkapita ku uzimba ndi agalu, nkhalango zisanakhwimitsidwe malamulo ngati lero ku Lengwe ndi ku Majete. Mlenje aliyense anali ndi likhweru lake, galu wake ankalidziwa pakati pa malikhweru a anthu ambiri. Likhweru lina linali loti bwerera, lina loti zungulira uko. Ukaponya mkono kumanja galu amalowera kumanja. Tinkawaphunzitsa bwanji? Tikapha nyama, matumbo anali a agalu, pompo, nyama isanafike kumudzi. Ndipo galu wosaka sitinkamumenya, ukamumenya mawa akusiya wekha m'tchire. Galu wamkota sakandira pachabe, amadziwa pamene pali phindu lake.

Akutinso, kuvina ndi galu pakhomo panu sakuletsani. Koma musadzatengere galu pabwalo pamene pakulira ng'oma za mwambo, kaya pa maliro, kaya pamene azimayi akuvina utse, kaya amuna ali pa likhuba. Malo amenewo ali ndi ulemu wake. Za ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, ndiye musayerekeze n'komwe.

Yohane wa ku Nchalo: Takhuta agogo, ndamva. Ine ndi pakhomo pokha. Achimwene Fulaye, ndiyambire pati?

Fulaye wa ku Bereu: Nyimbo iiwale kaye, imabwera kumapeto. Choyamba sankha liwu limodzi lalifupi loti galu azidziwa kuti walasa. Azungu amagwiritsa ntchito kachitsulo kolira kuti kha, koma pakamwa pako n'pokwanira. Ine ndimati "Eya!" Khala naye pamthunzi, nena "Eya!" n'kumupatsa kachidutswa. Dikira pang'ono, bwerezanso. Posakhalitsa uona kuti ukangoti "Eya!" makutu aimirira, akuyang'ana dzanja. Apo ndiye kuti mwayamba kumvana chinenero. Liwuli liziperekedwa pa nthawi yeniyeni imene wachita chinthucho, osati atamaliza n'kuyamba kudzikanda. Ukachedwa, iye aziyesa ukumuthokoza podzikanda. Ndipo "Eya!" aliyense atsatane ndi chakudya, usamunamize.

Chachiwiri ndi dzina. Ukati Bingo, akakuyang'ana kumaso, "Eya!", kachidutswa. Ichi n'chachikulu kuposa zonse zimene waona pa kanema uja. Kuvina konse kuja ndi galu amene maso ake sakuchoka pa mbuye wake ngakhale anthu zikwizikwi akuwomba m'manja.

Chachitatu ndiye kuzungulira. Tsina kachidutswa ndi zala, kaike pamphuno pake, osati m'mwamba, pamphuno penipeni. Yendetsa dzanja pang'onopang'ono kulowera kumchira kwake. Mphuno ikatsatira, thupi lonse litsatira. Tsiku loyamba ngakhale atangokhotetsa khosi, muthokoze. Kenako theka la bwalo, kenako bwalo lonse. Akazolowera, chita chimodzimodzi ndi dzanja lopanda kanthu, chakudya chizichokera m'thumba atamaliza. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amachedwa kuchotsa chakudya m'dzanja, mapeto ake galu amazungulira pokhapokha akaona usipa. Liwu loti "Zungulira" uliyike akayamba kale kuchita, osati pachiyambi pamene sakudziwa tanthauzo lake. Umuphunzitse mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, mbali iliyonse ndi liwu lake.

Nthawi ikhale yochepa, mphindi zitatu kapena zisanu, asanadye. Leka adakali ndi chilakolako. Akalephera usamukalipire, ingobwerera pa chophweka chimene amachidziwa, apambane, mutsekere pamenepo.

Aphunzitsi Nambewe a ku Bangula: Nanga osamukalipira adziwa bwanji kuti walakwa?

Fulaye wa ku Bereu: Amadziwa chifukwa "Eya!" sanabwere, Aphunzitsi. Zimamukwanira. Amayesanso njira ina yekha. Onani anyamata oyendetsa ngolo kuno kwathu: ng'ombe zimene zinazolowera mawu a mnyamata wake zimakhota akangoyankhula, koma zoyendera chikwapu chokha tsiku limene chikwapu chaduka ngolo imalowa m'ngalande.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Ndiwonjezere za kutentha, chifukwa akunja aja amavinira m'maholo ozizira, ife tili m'chigwa. Mu October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu, thukuta lake ndi la kumapazi kokha. Ndiye masewerawa akhale a m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi, ngati simungathe kupirira kutentha kwa mchengawo, mapazi a galu akupsa. Madzi akhale pafupi nthawi zonse. Mukaona lilime latuluka lonse n'kutambasuka, dovu lanyanya, nkhama zafiira kwambiri, akuyenda mopepesuka, lekani pompo. Mutengereni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse makamaka kumimba ndi m'mphechepeche, muzimukupiza, muitane mlangizi. Koma musathamangire naye ku Shire kuti mukamuviike, ng'ona zimakonda agalu.

Za sipika, makutu a galu amamva mawu okwera kuposa athu. Pa muyeso wa kukwera kwa mawu, munthu amalekera pa ma hertz 20,000, galu amapitirira 45,000. Ma sipika a bluetooth amene achinyamata mumawakweza mpaka kumapetowa muziwaika patali, mawu ali pansi.

Eneless wa ku Birmingham: Ine chimene ndimalakalaka n'kudzaona wina akuchita zimenezi ndi valimba yakwathu. Ku Crufts kuja nyimbo zakwathu sindinazimve. Galu wathu ndi wopepuka thupi, mapazi ake ndi achangu, valimba ingamuyenere. Wina ajambule woimba valimba pa foni, atapempha chilolezo kwa mwini wake, aziyesera nayo pakhomo.

Yohane wa ku Nchalo: Akuluakulu ndabweranso. Katemera Bingo wabayidwa, kapepala ndili nako. Za "Eya!" wazigwira msanga, dzina lakenso akutembenuka. Koma pa kuzungulira pavuta. Ndikangowerama kuti ndiike dzanja pamphuno pake, akuthawa n'kukaima patali mchira uli pakati pa miyendo. Ndikakweza mkono akugwada pansi n'kutsinzina. Ine sindinamumenyepo. Chikuchitika n'chiyani?

Fulaye wa ku Bereu: Ndinkayembekezera zimenezi, ndipo apa ndi pamene pali vuto lenileni la agalu athu. Taganiza Yohane, munthu kuno akakumana ndi galu panjira amatani? Amawerama ngati akutola mwala. Ngakhale pansi palibe mwala, galu amathawa. Agalu onse a m'midzi mwathu anaphunzira kale phunziro limeneli asanakwanitse miyezi itatu: munthu akawerama, mwala ukubwera, mkono ukakwera, ndodo ikutsika. Iwe sunamumenye, koma ana a pakhomo, anansi, odutsa panjira, wina anamugenda. Pudsey uja kuyambira ali kamwana dzanja la munthu linkamubweretsera zabwino zokhazokha. Bingo dzanja lomwelo analiphunzira mwina. Nzeru ndi zofanana, kusiyana kuli pamenepa.

Ndiye kuzungulira kusiye kaye. Khala pansi penipeni, miyendo utatambasula, usamuyang'anitsitse m'maso, ukhale chammbali. Ika kachidutswa pa chikhatho chotambasula, dzanja lili pa bondo. Abwere yekha, usamukoke. Masiku angapo chakudya chake chonse chizichokera m'dzanja lako. Akamasuka, yamba kunjuta m'malo mokhala. Kenako imirira, werama pang'ono chabe, nena "Eya!", ponya kachidutswa pansi pafupi ndi mapazi ake, moponya chapansi osati mokweza mkono. Mawa werama kwambiri. Cholinga n'choti kuwerama kwako kusinthe tanthauzo m'mutu mwake, akakuona ukuwerama azithamangira kwa iwe. Mkononso chimodzimodzi: kweza pang'ono mpaka m'chiuno, "Eya!", chakudya. Kenako mpaka paphewa. Akangogwada ndiye kuti wafulumira, bwerera m'mbuyo.

Koma zonsezi zigwa m'madzi ngati madzulo ana akumugendabe akayandikira pa mphasa yodyera. Ukhale nawo pansi a pakhomo onse. Galu akamavutitsa pa nthawi ya chakudya, mumangirire pamthunzi kufikira mutadya, kenako mumupatse zake. Anawo uwapatse ntchito, aliyense azinena "Eya!" n'kumupatsa kachidutswa. Mwana amene wamudyetsa galu m'dzanja samugendanso kawirikawiri.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Achimwene Fulaye mwakhudza chimene chimatisautsa pa ntchito yathu. Kuti chiwewe chithe m'dera pamafunika kubaya agalu 70 pa 100 aliwonse, chaka ndi chaka. Ku Blantyre mu 2015 a bungwe la Mission Rabies anabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20, ndiye n'zotheka. Koma ife tikafika m'mudzi ndi katemera, chimatilepheretsa nthawi zambiri si kusowa kwa agalu. Agalu alipo, koma eni ake sangathe kuwagwira. Bambo wamkulu akuitana galu wake, galu akuima patali. Akamuyandikira ndi chingwe, walowa m'mapira. Amene amabwera ndi agalu atawanyamula ndi tianyamata tija timayenda nawo kobusa, chifukwa ndi amene amagawana nawo chimanga chootcha. Ndiye kaya Bingo adzavina kaya sadzavina, akafika poti Yohane angathe kumugwira khosi, kumutsegula pakamwa, kumunyamula, kwa ine ntchito yagwirika.

Ndikumbutsenso onse: galu akaluma munthu, kaya ndi wa pakhomo, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Musamange bala ndi mankhwala azitsamba n'kukhala.

Mayi a Tadala a ku Makhanga: Ndakhala chete ndikuwerenga. Maganizo anga pa zovinazo sanasinthe, ndikuonabe kuti ndi za anthu amene nkhokwe zawo zili ndi kanthu. Koma zoti galu sagwirika zandikumbutsa chinthu chimene sindikonda kuchikamba. Usiku umene madzi anatipeza, bwato litabwera kudzatitenga pa chulu, galu wathu Tilekeni anali nafe pomwepo. Mwana wanga wamkulu anawerama kuti amunyamule, iye anathawira kumapeto kwa chulu. Tinamuitana, anangotiyang'ana. Mwini bwato sakanadikira, panali anthu ena m'mitengo. Galu ameneyo anatilondera zaka zambiri, anyani ku dimba ankawathamangitsa yekha, koma panalibe ndi mmodzi yemwe pakhomo pathu amene anamugwirapo ndi manja. Ana mpaka lero amamutchula. Tili ndi kagalu kena tsopano. Achimwene Fulaye, zovina ayi, koma ndiphunzitseni zoti kazibwera ndikakaitana ndipo kazilola kunyamulidwa.

Fulaye wa ku Bereu: Pepani kwambiri mayi. Poti n'kakang'ono sizivuta. Yambani monga ndamuuzira Yohane, kudyera m'dzanja. Mukamakapatsa chakudya, dzanja linalo lizikasisita pachifuwa ndi m'mbali, pamutu pakhale pomaliza chifukwa dzanja lochokera pamwamba ndi limene agalu amaliopa. Kenako kagwireni makutu, mapazi, mchira, paliponse mukagwira kachidutswa kazitsatira. Ponyamula, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina kumatako, kakwezeni pang'ono, kabwezeni pansi, kapatseni. Osakanyamula ndi miyendo yakutsogolo kapena chikopa cha pakhosi. Poitana, lamulo ndi limodzi: musadzakaitane dzina kuti mukakalipire kapena kukamenya, ngakhale kataba ndiwo. Mukatero kamodzi, ulendo wina kaganiza kawiri. Ngati muli ndi mnansi wa bwato, tsiku lina bwato lili pamtunda kalowetsenimo, kadyere momwemo.

Aphunzitsi Nambewe a ku Bangula: Mayi a Tadala mwandiliza. Alangizi, ine ndikuganiza zokamba nkhaniyi ndi ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu. Amene amagenda agalu ndi ana omwewa, amene amalumidwa kwambiri ndi omwewanso. Koma sindingalole agalu pasukulu.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Agalu asabwere, Aphunzitsi. Aphunzitseni anawo kaye zoti galu amene akudya, wagona, kapena ali ndi ana sayandikiridwa, ndipo galu wachilendo akawathamangira aziima chilili manja atapinda pachifuwa, osathawa, osakuwa. Zophunzitsa kuzungulirazo azikachita kunyumba ndi galu wawo wobayidwa, wamkulu ali pomwepo. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 September, mukhoza kukonzekera kuti anawo adzachite sewero tsiku limenelo.

Bambo a Chisomo a ku Ngabu: Ine kuvina ndi galu sindidzavina, ndine munthu wamkulu, akamwini anga angandione bwanji. Ndipo ndikukayikabe ngati galu wodyera m'dzanja angalimbane ndi fisi. Koma Simba wanga chaka chatha sanabayidwe chifukwa chomwe anena alangizichi, tinamuthamangitsa mudzi wonse osamugwira. Ali ndi zaka 6. Wamkulu chonchi angasinthe?

Fulaye wa ku Bereu: Angasinthe bambo, kungoti zitenga nthawi yaitali kuposa kagalu ka Mayi a Tadala, ndipo musafulumire kumugwira. Galu wamkulu wamantha akapanikizidwa amaluma, ndiye poti sanabayidwe, dzanja lisafike pakamwa pake. Muzimupatsa chakudya inu nokha, osatuma ana. Muike mbale pansi, mukhale pa mpando chapatali, muziyankhula naye. Tsiku lililonse mpando uzisendera. Chingwe chizikhala pansi pafupi ndi mbale kuti azichinunkhiza, asamachione tsiku la katemera lokha. Mukafika poti akudya inu muli pambali pake mchira uli m'mwamba, mundiuze, tidzakambirane za kumuveka chingwecho. Alangizi angakuuzeninso ngati pali njira yoti abwere kudzamubayira pakhomo.

Alangizi a ziweto a ku Chikwawa: Bambo a Chisomo, ndilembereni kumbali, ndikulumikizani ndi mnzanga wa dera lanu.

Yohane wa ku Nchalo: Achimwene Fulaye, lero m'mawa ndawerama, Bingo wabwera yekha mpaka kundinyambita dzanja. Wazungulira bwalo lonse kumanja. Kumanzere akukana, akumangokhala pansi. Ndiyambe zolowa pakati pa miyendo?

Fulaye wa ku Bereu: Usathamange. Agalu ambiri ali ndi mbali imene amaikonda, kumanzereko yambiranso pa kukhotetsa khosi kokha, ndipo dzanja litsike, akukhala pansi chifukwa ukulikweza pamwamba pa mphuno. Uonenso khutu lakumanzere ngati mulibe nkhupakupa kapena chilonda. Zapakati pa miyendo zidikire mpaka mbali zonse ziwiri zitatheka ndi dzanja lopanda chakudya. Ukadzayamba, uime miyendo utatangadza kwambiri, uponye kachidutswa kumbuyo kwako kudzera pakati, adutse yekha, iwe usasunthe ngakhale phazi. Ujambule kanema wamfupi wa kumanzereko, foni uyiike pansi kuti ndione pamene dzanja lako likudutsa.